Kodi ndi bwino kutengera apongozi ku kalesitilanti ka pizza ka m'dera lathu?

Bambo a Tadala, Leicester

Moni nonse, akuluakulu ndi anzanga. Makolo a mayi a kunyumba akubwera kudzationa kuchokera ku Mangochi mwezi wamawa, ndipo aka n'koyamba kuti aponde dziko la England. Mkazi wanga akufuna kuti tsiku lina tidzawatengere ku kalesitilanti ka pizza kamene kali kumapeto kwa msewu wathu, popeza ana amakakonda kwambiri ndipo akulakalaka kuonetsa agogo awo kumene amadya likakhala tsiku lachisangalalo. Malowo ndi a banja lina lochokera ku Italy, matebulo ake ndi owerengeka, ndipo uvuni wa nkhuni uli poonekera, moti ukakhala pansi umaona wophika akutambasula ufa ndi manja n'kuulowetsa pamoto. Pakhomo analemba kuti pizza yawo amaiphika monga amachitira ku Naples, mzinda wa ku Italy.

Ineyo mtima sunakhale pansi. Choyamba ndi pizza yeniyeniyo. Ndinazolowera ya m'masitolo akuluakulu, monga ija tinkagula ku Debonairs tili kwathu, yokhuthala, yodzaza tchizi ndi nyama mpaka m'mphepete, imene munthu ukadya zidutswa zochepa umamva kuti wadya. Ya pa malo ano ndi yopyapyala, pakati pake ndi pofewa ndiponso ponyowa, moti ukanyamula chidutswa nsonga yake imawerama ndipo tchizi amatsetsereka, pamene m'mphepete mwake ndi motupa komanso muli timadontho takuda toonetsa ngati yapserera. Zoika pamwamba amaika zochepa, koma mtengo wake ndi wokwera kuposa wa m'masitolo aja. Kodi limeneli ndi luso, kapena amangophika mothamanga n'kutipatsa yosapsa? Sindikufuna kuti apongozi akanene kumudzi kuti mkamwini anawadyetsa chakudya chachiwisi pakati koma chopserera m'mbali.

Chachiwiri, apongozi anga onse awiri ndi Asilamu, ndipo mayina a pa menyu ndi a Chitaliyana okhaokha, kotero n'kovuta kuzindikira imene ili ndi nyama ya nkhumba. Koma chimene chikundilemera kwambiri ndi ichi: chikwatirire mwana wawo sindinadyepo pamalo amodzi ndi apongozi aakazi, pamene ku lesitilanti tidzapatsidwa tebulo limodzi laling'ono, moyang'anizana. Amene munakumanapo ndi zoterezi, ndithandizeni nzeru.

Bambo a Chifundo, Manchester

Achimwene, pa nkhani yoyambayo ndingathe kulankhulapo, chifukwa ntchito imene ndimagwira ndi yomweyo. Ndili m'khitchini ya lesitilanti yaing'ono ya pizza, ndipo ufa umene anthu amadya lero madzulo timakhala titaukanda dzulo. Zonse zimene mwatchulazo, kufewa kwa pakati, kutupa kwa m'mphepete ndi timadontho takuda, ndi mmene pizza ya ku Naples imayenera kuonekera, ndipo wophika amene wazikwanitsa zonsezo ndi munthu wodziwa ntchito yake.

Nkhani yonse yagona pa ufa ndi pa moto. Pokanda timaika zinthu zinayi zokha: ufa wa tirigu wosalala kwambiri umene Ataliyana amautcha 00, madzi, mchere ndi yisiti pang'ono chabe, popanda mafuta kapena shuga. Ufawo umasiyidwa kuti ufufume pang'onopang'ono kwa maola osachepera 8, ndipo malo ambiri amene amalemekeza ntchitoyi amausiya maola 24 kapena kuposerapo, chifukwa kukoma ndi kupepuka kwake kumabwera m'nthawi yodikirayo. Timaugawa m'mitanda ya magalamu pafupifupi 250, ndipo mtanda uliwonse ndi pizza imodzi. Potambasula sitigwiritsa ntchito ndodo kapena makina, koma timasindikiza ndi zala kuyambira pakati kupita kunja, kuti mpweya umene wasonkhana mu ufamo uthawire m'mphepete. N'chifukwa chake pakati pamatsala popyapyala, pamene m'mphepete mumatupa ukangolowa pamoto.

Uvuni wa nkhuni umatentha koopsa. Pansi pake pamafika madigiri pafupifupi 430 ndipo kudenga kwake kumafika 485, pamene uvuni wa m'nyumba mwanu umalekezera cha m'ma 250. Pa moto woterewu pizza imapsa pakati pa masekondi 60 ndi 90, wophika ali chiimire kuizunguliza ndi fosholo yachitsulo kuti mbali yoyang'ana kumalawi isapserere. M'kanthawi kochepa chonchi madzi a m'matimati ndi a mu tchizi wa mozzarella sapeza mpata wouma, ndiye kunyowa kumene mwaonako. Ya m'masitolo akuluakulu imaphikidwa pa moto wocheperapo kwa mphindi zingapo, ndi tchizi wa madzi ochepa, motero imatuluka yolimba moti mungainyamule ndi dzanja limodzi osagwetsa kanthu. Timadontho takuda tija ndi malo amene mpweya watukula ufa n'kuwauka ndi lawi, ndipo apongozi akadzafunsa mungawakumbutse za chimanga chootcha pamakala, chimene palibe amachikana chifukwa cha njere zochepa zimene zada ndi moto.

Komabe musatenge kuti chakuda chilichonse n'chabwino. Mukalandira mbale yanu, tukulani m'mphepete n'kuyang'ana kunsi. Kukakhala kofiirira, kwa timadontho apo ndi apo, zili bwino. Kukakhala chigamba chachikulu chakuda chowawa m'kamwa, ndiye kuti wophikayo anasiya ufa wouma wambiri kunsi kapena sanasese pansi pa uvuni, ndipo imeneyo yapsereradi. Ng'ambaninso m'mphepete kuti muone mkati, momwe muyenera kukhala mopepuka, mwa timabowo tambiri. Mukapeza muli monata ndiponso molemera, ufawo sunafufume mokwanira kapena sunapse, ndipo muli ndi ufulu wobweza. Ubwino wa malo aang'ono ndi wakuti eni ake amakhala pomwepo, ndipo mwa amene ndagwira nawo ntchito sindinaonepo wokana kuphika ina munthu akalankhula mwaulemu.

Zimene ndikunenazi a ku Naples anazilemba ngati malamulo. Mu 1984 ophika a kumeneko anakhazikitsa bungwe la Associazione Verace Pizza Napoletana kuti liteteze kaphikidwe kawo, mu 2010 European Union inalowetsa Pizza Napoletana m'kaundula wa zakudya zachikhalidwe zotetezedwa, ndipo mu Disembala 2017 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inavomereza luso la ophika pizza a ku Naples kukhala chimodzi mwa zikhalidwe zoyenera kusungidwa padziko lapansi. Nkhani ya mtengo imachokeranso pomwepo. Ngati malo anuwo amagula matimati a San Marzano, amene amalimidwa m'chigwa cha pafupi ndi phiri la Vesuvius, ndi mozzarella watsopano wa mkaka wa ng'ombe kapena wa njati zoweta za ku Campania (chigawo chimene kuli Naples), amene sachedwa kuwonongeka, n'kuwonjezapo nkhuni zouma bwino ndi malipiro a munthu wodziwa moto, mtengo wake sungafanane ndi wa sitolo imene imaphika mazanamazana pa tsiku ndi uvuni woyenda pa lamba. Kuchepa kwa zoika pamwamba nakonso si kuumira ayi. Ufa wopyapyala chonchi ukalemedwa ndi nyama ndi ndiwo zambiri supsa n'komwe m'masekondi 90.

Pa kadyedwe, ku Naples munthu aliyense amaitanitsa yake, ndipo nthawi zambiri imabwera yosadula. Mungadye ndi mpeni ndi foloko, kapena kuidula panayi n'kupinda chidutswa chilichonse kuti zapamwamba zisagwe, n'kumadya ndi manja. Chofunika ndi kudya ikadali yotentha osadikirana, chifukwa uvuni sutulutsa zonse nthawi imodzi, ndipo ikazizira m'mphepete muja mumavuta kutafuna.

Make Shamimu, Bradford

Achimwene, ine ndiyankhe za apongozi anu ngati Msilamu mnzawo, ndipo ndikupempheni kuti musaitenge mopepuka nkhaniyi, chifukwa m'khitchini ya Ataliyana nyama ya nkhumba imabwera ndi mayina ambiri. Prosciutto, salame, pancetta, speck, salsiccia, mortadella ndi 'nduja, zonsezi n'zopangidwa ndi nyama ya nkhumba. Imene imasokoneza anthu kwambiri ndi 'nduja, chifukwa ndi yofiira komanso yofewa, moti ikasungunuka pa pizza munthu amayesa ndi tsabola wopera, pamene ndi nyama ndi mafuta a nkhumba osakaniza ndi tsabola monga amachitira ku Calabria, kumwera kwa Italy. Pizza yotchedwa diavola imakhala ndi salame wa tsabola, capricciosa imakhala ndi prosciutto, choncho zonse ziwiri muzilambalale. Ngakhale mutaona nkhuku kapena ng'ombe pa menyu, musathamangire kuganiza kuti ndi halal pokhapokha eni ake atakutsimikizirani kumene amagula nyamayo.

Mwayi wanu ndi wakuti pizza ziwiri zimene a ku Naples amaziwerengera kuti ndizo zoyambirira zilibe nyama n'komwe. Marinara imakhala ndi matimati, adyo, timasamba tonunkhira ta oregano ndi mafuta a olivi, popanda tchizi, pamene margherita imakhala ndi matimati, mozzarella, masamba a basil ndi mafuta. Malo ambiri amakhalanso ndi ya ndiwo zootcha monga mabiringanya ndi tsabola wosawawa, imene amakonda kuitcha ortolana. Kwa anthu a kunyanja ngati apongozi anuwo ndingasankhenso ya tinsomba ta anchovy, bola muwachenjeze kuti timakhala ta mchere wambiri.

Kusankha pizza yopanda nkhumba ndi chiyambi chabe. Chimene ine ndimachiyang'ana kwambiri ndi mpeni wozungulira uja umene amadulira, chifukwa usiku wonse umayenda pa pizza iliyonse popanda kutsukidwa pakati, ndipo manja amene atapa salame ndi omwewo amatapa tchizi wa munthu wotsatira. Pemphani kuti za apongozi zibwere zosadula ndiponso kuti wophika asambe m'manja asanaziyale. Pansi pa uvuni ndi pamodzi kwa onse, ndipo pamenepa Asilamu timasiyana maganizo: ena savutika nazo chifukwa cha ukali wa moto, ena sadya n'komwe pamalo pamene pamaphikidwa nkhumba. Si inu wogamula zimenezi. Mayi a kunyumba afunse makolo awo mosabisa kanthu tsikulo lisanafike, kuti asadzazindikire atakhala kale pa tebulo, pamene kukana kungawachititse manyazi.

Palinso tina timene anthu amaiwala. Tchizi wolimba wa Parmigiano Reggiano ndi Grana Padano, amene ophika ambiri amamuwaza pamwamba osafunsa, amapangidwa ndi choundanitsa mkaka chochokera m'chifu cha mwana wa ng'ombe, ndipo Asilamu ena amamupewa, kotero n'kwabwino kupempha kuti asathire. Chakudya chotsekemera chotchedwa tiramisu kawirikawiri chimakhala ndi vinyo wa Marsala kapena mowa wina. Ufa wa pizza ya ku Naples mulibe mafuta alionse monga anenera a Bambo a Chifundo, koma buledi wina wa Chitaliyana amathiramo mafuta a nkhumba, ndiye mukaitanitsa buledi woyambira funsaninso. Dziwaninso kuti pa matebulo oyandikana nanu padzakhala mabotolo a vinyo, ndipo akuluakulu ena zimenezi zimawasowetsa mtendere ngakhale iwo asakumwa.

Lamulo la kuno limakakamiza malesitilanti kuuza makasitomala za zinthu 14 zimene zimadwalitsa anthu ena, monga tirigu, mkaka, mazira, nsomba ndi mtedza, koma nyama ya nkhumba siili pa mndandanda umenewo. Choncho palibe amene adzakuuzeni ngati simufunsa, ndipo paja kufunsa ndi kudziwa njira. Pitani nokha masana ena kulibe anthu ambiri, mukalankhule ndi mwini wake, ndipo munene momveka kuti alendo anu sadya nkhumba ya mtundu uliwonse chifukwa cha chipembedzo. Mmene adzakuyankhireni ndi mmene mudzadziwire ngati malowo ndi oyenera kupita nawo makolo.

Agogo NaPhiri, Zomba

Bambo a Tadala, ine ndine mayi wachikulire, ndipo pamene ndinakacheza kwa ana anga ku Scotland, mkamwini wanga ananditengera ku malo ofanana ndi amene mukunenawo. Ndiye ndilankhula ngati munthu amene anakhalapo pa mpando umene apongozi anu aakazi adzakhalepo.

Mwachita bwino kuganizira za ulemu, chifukwa ana ambiri akapita kunja amayesa kuti mwambo unatsalira pa bwalo la ndege. Koma kumbukirani kuti makolowo adzakhala m'nyumba mwanu masabata angapo, m'nyumba ya khitchini imodzi ndi tebulo limodzi, ndiye nkhani ya kudyera pamodzi idzayambira kunyumba komweko. Musalole kuti ku lesitilanti kukhale koyamba, pamaso pa anthu achilendo. Masiku oyamba inu muzidya ndi apongozi aamuna, mayi a kunyumba azidya ndi mayi awo, kenako muone mmene iwo eni akumasukira. Wofunsa mayiwo za kukhosi kwawo ndi mwana wawo, osati inu. Ngati avomera kupita, sungitsiranitu malo ndipo mupemphe kuti alumikize matebulo awiri. Inu mukhale kumapeto ndi apongozi aamuna, ana akhale pakati, amayi awiriwo akhale kumapeto kwinako, kuti pasakhale kuyang'anizana maso ndi maso potafuna. Mukaona kuti mayiwo akudya pang'ono musawakakamize ndi pakamwa panu, asiyeni adzukulu ndi mwana wawo achite zimenezo.

Pa zimene anena a Bambo a Chifundo zoti musadikirane, ine ndikusiyana nawo pang'ono. Ndikumva kuti chakudyacho sichifuna kuzizira, koma sizingaoneke bwino kuti ana ayambe kudya agogo awo akuyang'ana mbale zopanda kanthu. Uzani woperekera zakudya kuti za akuluakulu ndizo zituluke koyamba, ndipo zikatero palibe chimene chawonongeka. Muwauzenso makolowo poyambirira kuti kudya ndi manja n'kololedwa, chifukwa kulimbana ndi mpeni ndi foloko pagulu kumachititsa munthu manyazi mpaka njala kutha. Kumeneko sadzabwera ndi beseni ndi jagi ya madzi, ndiye mayi a kunyumba awaperekeze kukasamba m'manja kapena atenge kansalu konyowa.

Za kukoma ndinene zoona. Ine ya tchizi wambiri ija sinandikomere, ndipo inandivuta m'mimba usiku wake, monga mmene mkaka umativutira ambiri a ife amene sitinakule nawo. Imene ndinaikonda ndi ya matimati ndi adyo, imene a Make Shamimu aitchula kuti marinara, chifukwa fungo la nkhuni limamveka bwino ndipo siilemera. Koma ngakhale ndinamaliza mbale yonse, pofika kunyumba ndinamva kuti sindinadye, ndipo mwana wanga anachita kundiphikira nsima. Makolo anuwo adzachitanso chimodzimodzi. Pitani masana, ndipo madzulo pakhale nsima ndi ndiwo zoti iwo amazidziwa. Musawauze kuti tikupita kukadya chakudya cha tsikuli, koma kuti adzukulu akufuna kukuonetsani kumene amapita, pakuti agogo sakana kuitana kwa mdzukulu.

Ndiponso bilu isafike pa tebulo. Nyamukani mwakachetechete mukalipire komwe amalandirira ndalama, ndipo ngati n'kotheka muitanitse ndinu kuti asatanganidwe ndi mitengo ya pa menyu. Bambo wa kumudzi akangoona nambalazo amayamba kuzisintha m'makwacha n'kumawerengera matumba a feteleza amene akanagula, ndipo kuyambira pamenepo chakudyacho sichitsikanso bwino. Ine ndinaiona bilu yathu, ndipo zinandipweteka mtima kuti ana awononge ndalama zotero chifukwa cha ine.

Bambo a Yamikani, London

A Bambo a Chifundo afotokoza bwino mmene ntchitoyi imayendera ikagwiridwa moyenera, koma ine ndikufuna ndiwonjezere chenjezo, chifukwa kuno ku London malo olemba pakhomo kuti pizza yawo ndi yopangidwa pamanja achuluka kwambiri, ndipo si onse amene akunena zoona. Uvuni wokongola wa njerwa ndi mbendera ya Italy pakhoma sizitanthauza kuti ufa unakandidwa pomwepo. Ndinadyapo pamalo ena pamene nkhuni zinangounjikidwa pambali ngati zokongoletsera, moto uli wa gasi, ndipo mitanda ya ufa ikuchokera m'firiji itagulidwa kwina. Gasi payekha si vuto, ndipo ophika ena abwino amagwiritsa ntchito uvuni wa gasi kapena wa magetsi umene umafika kutentha komweko, koma munthu wolipira mtengo wokwera ayenera kuuzidwa zoona. Funsani kuti ufa wawo umafufuma maola angati. Wokanda yekha amayankha msanga ndipo amakondwa kuti mwafunsa.

Ngakhale nkhani imene amakonda kuilemba pa menyu, yoti wophika wa ku Naples Raffaele Esposito anapanga margherita mu 1889 polemekeza Mfumukazi Margherita ndi mitundu itatu ya mbendera ya Italy, akatswiri ena a mbiri amaikayikira, popeza pizza ya matimati, mozzarella ndi basil inkadyedwa kale ku Naples chakacho chisanafike. Kukula kwa malo nakonso kumasintha ndi nthawi. Mwachitsanzo, kampani ya malesitilanti a pizza ya Franco Manca inayamba mu 2008 ngati kamalo kamodzi mu msika wa Brixton, koma lero ili ndi nthambi zambiri m'mizinda ya kuno. Chimene ine ndimafuna pa kalesitilanti ka m'dera ndi chakuti mwini wake ndimamuona, menyu ndi yaifupi, ndipo anthu oyandikana nawo amabwerabwera. Musanapite ndi akuluakulu, yang'ananinso pa intaneti chiwerengero cha ukhondo chimene bungwe la boma loona za chakudya la Food Standards Agency limasindikiza, kuyambira 0 mpaka 5. Ku Wales ndi ku Northern Ireland lamulo limawakakamiza kuchimata pakhomo, koma ku England sawakakamiza, choncho kusachiona pawindo si umboni wa chilichonse mpaka mutafufuza.

Ndinenenso kuti kuvomerezedwa ndi UNESCO sikukakamiza munthu kukonda pizza yonyowa pakati. Ku Italy komweko anthu a ku Rome amakonda yawo yopyapyala koma youma, yoti imathetheka poluma, ndipo enanso amagula yophikidwa m'mathireyi aakulu imene amaidula n'kuiyeza pa sikelo. Imene ambiri a ife tinayamba kuidziwa ndi yokhuthala ija, imene inatipeza kudzera ku South Africa, kumene Debonairs inayambira mu 1991 ku Pietermaritzburg, ndipo palibe cholakwika kuikonda. Ngati mukuopa kuti apongozi adzayesa yaiwisi, pemphani kuti zawo azisiye pamoto masekondi ena owonjezera. Ataliyana eni ake amapempha zimenezo ponena kuti ben cotta, kutanthauza yopsa bwino, ndipo wophika sadabwa nazo.

Pa bilu, onetsetsani ngati awonjezeramo kale ndalama ya operekera zakudya. Kuno ku London ambiri amaika 12.5 peresenti, ndipo malo ena amaika pokhapokha gulu likakhala lalikulu ngati lanulo. Ikalembedwa kuti ndi yosakakamiza mungapemphe kuti aichotse, koma ngati akusamalirani bwino ilipireni ndi mtima umodzi, chifukwa kuyambira pa 1 Okutobala 2024 lamulo limalamula eni malo kupereka ndalama yonseyo kwa antchito popanda kudulapo.

Bambo a Tadala, Leicester

Zikomo kwambiri nonse, makamaka agogo, chifukwa mwandiuza zimene apongozi anga sakanandiuza ndi pakamwa pawo. Mayi a kunyumba alankhula ndi mayi awo pa foni monga munalangizira. Za uvuni umodzi akuti savutika nazo bola nyamayo isakhudze chakudya chawo, koma anena kuti angamasuke kwambiri atadyera kunyumba kusiyana ndi pagulu. Tsono tikuganiza zongogula n'kubwera nazo, popeza malowo ndi oyenda wapansi. A Bambo a Chifundo, kodi pizza ya mtundu umenewu imapirira kuikidwa m'katoni, kapena tidzafika nayo itawonongeka?

Bambo a Chifundo, Manchester

Achimwene, kunena zoona pizza ya ku Naples siigwirizana ndi katoni. Nthunzi yake ikatsekeredwa imabwerera mu ufa, ndipo pakangopita mphindi zochepa m'mphepete mopepuka muja mumanyowa n'kuyamba kunata. Koma popeza malowo ali pafupi, zingatheke mukakonzekera. Pemphani kuti asazidule, zimene zikuthetsanso nkhawa ya mpeni imene anena a Make Shamimu, ndiponso zimathandiza kuti madzi a matimati asalowe kunsi. Musatseke katoni kotheratu, musasanjikize makatoni ambiri pamodzi, ndipo munyamule mosapendeketsa. Posankha tengani marinara, ya ndiwo zootcha, ndi margherita ya mozzarella wa mkaka wa ng'ombe amene amamutcha fior di latte, chifukwa wa njati ali ndi madzi ambiri ndipo ndiye amayamba kuwononga ufa panjira.

Wina atsale kunyumba atatenthetsa chiwaya chouma, chopanda mafuta. Mukafika dulani ndi mpeni wanu, ikani zidutswa m'chiwayamo mphindi imodzi kapena ziwiri mpaka kunsi kuumenso, kenako perekani nthawi yomweyo, kuyambira kwa akuluakulu monga anenera agogo. Mu microwave musaikemo, chifukwa imafewetsa ufa kenako n'kuulimbitsa ikamazizira.

Ndingakondenso kuti pokatenga mupite ndi apongozi aamuna pamodzi ndi ana, kuti akaime pafupi ndi uvuni n'kuona okha ufa ukutambasulidwa, ukulowa pamoto ndi kutuluka utapsa mphindi ziwiri zisanakwane. Akaona ndi maso awo sadzafunsanso za timadontho takuda, ndipo adzafotokozera okha mayi kunyumba. Lachisanu ndi Loweruka madzulo uvuni umakhala wotanganidwa ndipo wophika sangapeze mpata wosamba m'manja padera chifukwa cha oda yanu, choncho sankhani tsiku la mkati mwa sabata, muimbe foni masana kuwakumbutsa za nkhumba, ndipo mufike atangotsegula kumene.